Chibemba cha Kuseri kwa Tiyirumu

Mwana wanga wamkazi amalankhula zilankhulo zinayi. Anthu akamandiyamikira kuti ndinabereka mwana wanzeru, ndimangoti zikomo n'kupitiriza kupukuta tebulo, chifukwa nditati ndiyambe kufotokoza, tiyi angazizire m'makapu. Ndiponso nkhaniyi ndinatopa nayo. Ndikuilemba kamodzi kokha, mwina ikachoka m'mutu ine ndipumako.

Ndili ndi tiyirumu pafupi ndi boda ya Mchinji, pamene mathiraki amaima pamzere kudikira mapepala. Ndimagulitsa tiyi, mandasi ndi mazira okazinga, masana mpunga wa nyemba. Ntchitoyi ndinaiyamba ndisanakwatiwe, ndipo mpaka lero miyendo yanga siidziwa mpando dzuwa likadali m'mwamba. Madalaivala ndi anthu a njala yosadikira. Munthu wagona m'galimoto masiku atatu, mapepala ake sakutuluka, mkwiyo wake wonse amadzauthira pa kapu ya tiyi imene yachedwa pang'ono. Ndiye pakamwa panga panazolowera mawu afupiafupi: bwera, tenga, fulumira, choka apo. Sindinabadwe wolusa ayi, kungoti mafuta akakhala pamoto sipakhala nthawi yonyengerera munthu.

Amuna anga anali Mbemba wa ku Zambia, kutali uko kumigodi. Anabwera pa boda pano ndi thiraki ina imene inadzafera pomwepa mwezi wathunthu. Podikira zipangizo, anayamba kumata matayala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tiyirumu yanga. Thiraki ija inakonzedwa n'kupita, iwo anatsala. Ine ankandilankhula Chinyanja cha ku Zambia chija, chothira Chingerezi apa ndi apo, ndipo tinkamvana bwinobwino. Chibemba ndinalibe nacho ntchito. Ndinkawaseka kuti chilankhulo chawo chimamveka ngati munthu akuingitsa nkhuku, iwo n'kumangomwetulira. Anali munthu wofatsa kwambiri, moti nthawi zina kufatsa kwawoko n'kumene kunkandipsetsa mtima.

Mwana atabadwa ndinkamubereka kumbuyo ndikukazinga, koma utsi unayamba kumutsokomoletsa. Bambo ake anatenga tayala lakale la thiraki, analitsuka, n'kuyalamo zitenje ziwiri. Mmenemo ndi mmene mwana wanga anakulira, pamthunzi wa mango, ine n'kumangopita kukamuyamwitsa ndi kuthamangira kumoto. Tsiku lonse bambo ake ankamulankhula Chibemba uku akupala chubu. Madalaivala a ku Tanzania akabwera kudzamatitsa matayala ankamusewera m'Chiswahili, n'kumamugwiritsa makiyi a galimoto. Madzulo ankamva Chichewa changa, chimene nthawi zambiri chinali cha munthu wotopa.

Anakwanitsa zaka ziwiri ndi theka asanatulutse mawu ngakhale amodzi. Akafuna madzi ankaloza, akakana ankapukusa mutu. Ana a anzanga obadwa pambuyo pake anali atayamba kale kutukwana. Ndinapita naye kusikelo, alangizi a zaumoyo anamuwombera m'manja kumbuyo, iye n'kucheuka, ndipo anandiuza kuti makutu ake ali bwino, ndingodikira, ana ena amachedwa. Koma kudikira si ntchito imene ndimaitha.

Mayi anga anabwera kuchokera kwathu ku Mkanda pa kabaza, atanyamula mtedza. Anakhala tsiku lonse pabenchi akuonerera mdzukulu wawo. Dzuwa litapendeka anagamula mlandu. Anati mwanayu tamusokoneza mutu tokha, khutu ili Chibemba, khutu ilo Chiswahili, pakati Chichewa, ndiye lilime lake silikudziwa kolowera. Amayi a kutchalitchi nawo anavomereza, wina mpaka anatchula mwana wa m'bale wake amene akuti zinamuchitikira chimodzimodzi. Ine mtima unali kale m'mwamba, ndipo mawu a mayi anga ndinawagwira ndi manja awiri.

Ndinaika lamulo. M'tiyirumu ndi m'nyumba, Chichewa chokha. Amuna anga anayesa kundiuza kuti kwawo kumigodi ana amakula ndi zilankhulo zitatu kapena zinayi, ndipo sanaonepo amene anasanduka wosalankhula chifukwa cha zimenezo. Ndinawayankha kuti kuno si kwawo. Mawu amenewo ndimawakumbukira mpaka lero, chifukwa anangoweramitsa mutu n'kutuluka. Za mtengo wa mango sindinaziganizire. Lamulo langa linkathera pa chitseko cha kuseri, popeza ndinalibe nthawi yopita kukalilondera kumeneko.

Patapita miyezi ingapo mwana anayamba kulankhula, ndipo sanayambe ndi mawu amodziamodzi ayi, anangoyamba ndi ziganizo zathunthu. Mayi anga anadzitama, nanenso ndinadzitama kuti mankhwala athu agwira. Tsiku lina ndinapita kuseri kukataya madzi otsukira makapu, ndipo ndinamva kamawu kakuthamanga m'Chibemba, kothamanga kuposa mmene kankathamangira m'Chichewa. Anali atakhala pa tayala lake lija, akufotokozera bambo ake nkhani yaitali, manja ali m'mwamba. Atandiona anadula mawu pakati, n'kutembenuka kundifunsa m'Chichewa.

"Mukufuna chiyani amayi?"

Anali ndi zaka zitatu. Ndinaima ndi beseni m'manja, kenako ndinataya madzi aja n'kubwerera kumoto. Mwana anali akulankhula, ndiye ndinaona kuti palibenso chokanganirana.

Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti sankasakaniza. Munthu aliyense anali ndi chilankhulo chake, ndipo mwanayo sankaphonya. Dalaivala wa ku Tanzania akalowa, ankamulonjera m'Chiswahili n'kumupempha switi, madalaivala n'kumafa ndi phwete. Atayamba sukulu anawonjezera Chingerezi, chimene chinali cha aphunzitsi ndi makope. Chichewa chinali changa, cha anzake ndi cha kutchalitchi. Chibemba chinali cha kuseri. Bambo ake akaiwala n'kumulankhula Chibemba m'tiyirumu, iye ankayang'ana kwa ine kaye, n'kuwagwira pakamwa ndi kadzanja kake. Palibe amene anamukhazika pansi kumuphunzitsa malire amenewa. Anangowaona mmene tinkakhalira.

Chimene sindinachione n'chakuti si anthu okha amene anagawana zilankhulozo, nkhani nazonso zinagawana. Akagwa n'kubwera akulira, ankandipeza ndili ndi thileyi ya makapu m'manja, ndipo yankho langa linali limodzi: pita kwa adadi ako, sukuona kuti ndili pantchito? Minga ya kuphazi inkachotsedwa pansi pa mango. Dzino logwedera, m'mimba mopota, mnzake amene wamulanda pensulo, maloto oopsa, zonse zinkapita kuseri. Pazenera ndinkamva mawu amodzi akubwerezedwa kawirikawiri, akuti wilalila. Nditafunsa, amuna anga anandiuza kuti ndiye kuti usalire. Pa zaka zonse za ukwati wathu, kupatula moni, mawu a Chibemba amene ndinawadziwa ndi omwewo.

Amuna anga anamwalira mwana ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chinali chifuwa, anagona m'chipatala masabata atatu. Za masiku amenewo sindilemba. Tinawaika kwathu ku Mkanda chifukwa kumigodi kunatalika. Mwa abale awo, amene anali pafupi ndi mchemwali wawo, alamu anga, amene amakhala ku Chipata ndipo amagulitsa zitenje. Iwowa amawoloka boda Lachitatu lililonse ndi katundu wawo, ndipo maliro atatha anayamba kumaima pa tiyirumu kudzaona mwana wa mchimwene wawo.

Pamaliro mwana wanga sanalire pamaso panga, ndipo pambuyo pake sanalirenso. Anthu ankati watengera mayi ake kulimba mtima. Ndinene zoona, ndinasangalala, chifukwa ndinalibe mphamvu zonyamula misozi ya munthu wina. Ankadzuka, kutsuka makapu, kupita kusukulu, kubwerako n'kudzatsukanso makapu. Mayeso ankakhoza bwino, makamaka Chichewa, ndipo kutchalitchi ankamusankha kuwerenga mawu chifukwa sankadodoma. Kuseri udzu unamera mpaka kukwirira matayala, ndipo iye sankapitako.

Chaka chotsatira ndinamutuma ku boma kukagula fulawa. Pobwera anakwera njinga yamoto, ndipo potsika mwendo wake unakhudza ekizozi yotentha. Izi ndinazidziwa pambuyo pake. Tsiku limenelo anangofika, kutula fulawa, n'kuyamba kutsuka makapu. Masiku otsatira ndinaona kuti akumanga chitenje chofika m'mapazi, ndipo ndinamuyamikira kuti wayamba kudzilemekeza. Ndinaonanso kuti akuyenda mochedwa, ndipo ndinamukalipira kuti ulesi ayambe akadzakhala ndi tiyirumu yakeyake. Anangoti pepani amayi. Zinatero masiku asanu.

Lachitatu alamu anga anafika monga mwa nthawi zonse, anatula mtolo wawo n'kukhala pabenchi. Ine ndinali pa mbaula, mapazi atatu okha kuchokera pamene anakhala. Mwana anawapatsa tiyi, anagwada pambali pawo, n'kuyamba kulankhula Chibemba chapansipansi. Mawu amene ankatuluka m'kamwa mwake ndinali ndisanawamve chimwalirire bambo ake, ofewa, a kamwana. Sindinamve kanthu. Ndinaganiza kuti akukumbutsana za malemu, ndipo ndinapitiriza kutembenuza mandasi. Kenako ndinaona alamu akuika kapu pansi n'kukweza chitenje cha mwana.

Bala linali lalikulu ngati chikhatho changa. Anali atalipaka mankhwala otsukira mano n'kulimanga ndi kansanza, ndipo kansanzako kanali katamatirira. Mafinya anali atayamba, ndipo fungo linandipeza ndili pa mbaula pomwepo. Alamu anandiyang'ana.

"Mulamu, simunaone ichi?"

Sanakweze mawu, koma bola akanangonditukwana. Kuchipatala namwino ndiye anandikalipira mokwanira, kundifunsa ngati mwanayu ndimakhala naye nyumba imodzi. Ine amene ndimatha kukhalitsa chete madalaivala asanu nthawi imodzi, ndinangoima n'kumayang'ana simenti.

Pobwerera, mwana ali patsogolo, alamu anandiuza maganizo awo. Anati ndiwapatse mwanayu akakhale nawo ku Chipata, sukulu kumeneko ziliko, azisuweni ake aliko, ndipo akakhala ndi munthu womuuza zakukhosi. Analankhula mwaulemu, koma ine ndinawayankha mwamwano. Ndinati mwana wa Mchewa ndi wa kwa mayi ake, ndipo ine sindinafe. Iwo anangoti ndimufunse mwiniwakeyo. Sindinamufunse tsiku limenelo, kapena sabata imeneyo, chifukwa ndinkaopa yankho lake.

Mmalo mwake ndinaganiza zophunzira Chibemba. Panali dalaivala wina wachikulire, Mbemba, amene ankadutsa kawirikawiri ndi thiraki ya feteleza. Ndinamupempha kuti azindiuza mawu awiri kapena atatu akabwera, ndipo ndinkawalemba pa chidutswa cha katoni chimene ndinkachibisa kuseri kwa thumba la shuga. Mkuluyo anadabwa kuti ndinakhala ndi Mbemba zaka khumi ndi kuwonjezera n'kudzayamba sukulu mwiniwake atapita. Ndinamuuza kuti amwe tiyi wake. M'mawa pokanda fulawa ndinkayeseza mawuwo chamumtima, lilime likukana ngati la munthu wamano oikirira.

Kuchipatala anatiuza kuti masiku osapitako tizitsuka balalo ndi madzi amchere. Tsiku lina m'mawa, ndisanakoleze moto, ndinamukhazika pampando n'kuika phazi lake pamiyendo panga. Pamene ndinkachotsa bandeji analuma mano, misozi ikungotsika popanda phokoso. Ndinaona kuti nthawi yake ndi imeneyi. Ndinamugwira bondo n'kunena mawu amene ndinawayeseza sabata yathunthu, akuti usalire mwana wanga.

"Wilalila, mwana wandi."

Anachotsa phazi lake pamiyendo panga pang'onopang'ono.

"Musatero amayi. Amenewo ndi mawu a adadi."

Manyazi anandigwira, ndipo kwa ine manyazi sachedwa kusanduka mkwiyo. Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuzire za balalo masiku asanu onse aja, tikugona nyumba imodzi, tikudyera mbale imodzi. Ndinamufunsa ngati ine ndine chilombo. Anayang'ana madzi a m'beseni.

"Ndimafuna kukuuzani," anatero. "Koma m'Chichewa sindidziwa kuti amayamba bwanji."

Poyamba ndinafuna kuseka. Mwana wokhoza Chichewa kuposa kalasi yonse, wowerenga pamaso pa mpingo osadodoma, akuti sadziwa poyambira? Koma ndikumanga bandeji yatsopano ndinayamba kukumbukira Chichewa chimene ine ndinamupatsa kuyambira ali m'tayala muja. Bwera, tenga, fulumira, choka apo, pita kwa adadi ako. Mawu onena ululu ankawadziwa onse, akanatha kuwalemba pamayeso osalakwitsa. Koma anali asanamvepo munthu akumufunsa m'Chichewa kuti pakupweteka ndi pati, n'kukhala pansi kudikira yankho. Mwana amatola chilankhulo pamodzi ndi zimene mwaikamo, ndipo m'changa ine ndinaikamo ntchito zokhazokha. Tsiku limenelo tiyi anachedwa, ndipo madalaivala anandinena mpaka kukhuta.

Za ku Chipata ndinadzamufunsa bala litayamba kuuma. Anati sapita, chifukwa akapita makapu azitsuka ndani. Ndikanakonda akanati sapita chifukwa andisowa, koma ndinalandira chimene ndinapatsidwa. Tinagwirizana ndi alamu kuti azipita kwa azakhali akewo patchuthi.

Ndinayesetsa kusintha, musaganize kuti sindinayese. Ndikatseka tiyirumu ndinkamuitana kuti tikhale pabenchi, n'kumufunsa kuti tsiku layenda bwanji. Iye ankati layenda bwino. Ndikafunsa ngati pali chovuta, ankati palibe. Tinkakhala ngati anthu awiri osadziwana amene akudikira minibasi imodzi, mpaka wina apeze chifukwa chonyamukira. Masiku ena ndinkakhala nditatopa kwambiri moti ndinkawodzera funso langa lisanayankhidwe. Bala linapola n'kusiya chipsera chosalala, koma nkhani zake zinapitiriza kundifika podzera ku Chipata. Alamu ankandiimbira kundifunsa ngati ndikudziwa kuti mwana wayambana ndi mnzake wapamtima, kapena kuti bolodi sakuliona bwino akakhala kumbuyo. Ine amene ndinkagona naye chipinda choyandikana ndinkamva za mwana wanga kuchokera dziko lina. Ndinaphunzira kumeza malovu n'kunena zikomo.

Pano ali folomu thu kusukulu yogonera konko. Mafoni sawalola, ndiye Lamlungu masana amaimba pa foni ya a matroni. Atsikana amakhala pamzere, aliyense timphindi tochepa, ndipo amasankha munthu mmodzi womuimbira. Kawirikawiri amaimbira azakhali ake. Ine amandiimbira zinthu zikamuthera, ndipo nkhani yathu imakhala ya sopo, shuga ndi chiponde.

Lamlungu lapitali mapepala pa boda anaima kuyambira Loweruka, mathiraki anafika mpaka pokhota paja, ndipo tiyirumu inadzaza moti ena ankamwera panja. Foni italira ndinaipana ndi phewa, dzanja lina lili ndi chipande, mandasi ali m'mafuta. Anandipatsa moni, ndinayankha, n'kudikira kuti ayambe kutchula zimene zamuthera. Sanatchule. Panali chete, moti ndinayesa netiweki yadula.

"Amayi, mutu ukundipweteka. Unayamba Lachinayi."

Dalaivala wina anali akugogoda kapu patebulo. Ndinamuuza mwana kuti apemphe panado kwa a matroni, amwe madzi ambiri, ndipo ndili ndi anthu pano. Iye anati chabwino amayi, n'kudula.

Ndinachotsa mandasi aja, ndinaponya ena, ndinachotsanso. Ndikuponya kachitatu m'pamene zinandifika. Zaka khumi ndi zisanu, ndipo aka kanali koyamba kuti mwana wanga andiuze yekha, m'Chichewa, kuti penapake pakumupweteka. Ndinasiya chipande m'mafuta n'kutuluka panja kukaimbanso. Anayankha ndi a matroni. Anati mtsikanayo wabwerera kale ku hositelo, pamzere pali anzake ambiri, ndipo ngati si zadzidzidzi ndidikire Lamlungu. Anandifunsa ngati ndi zadzidzidzi. Ndinati ayi.

Kenako ndinaimbira alamu ku Chipata, kuwafunsa ngati mwana wawauza za mutu. Anadabwa. Anati sabata ino sanawaimbire n'komwe. Ndiye kuti anaima pamzere uja ndi timphindi take tochepato, akudziwa nambala ya azakhali ake pamtima, n'kusankha ine. Nditabwerera mkati mandasi anali atapserera, ndipo sindinakalipire aliyense.

Mwina unali mutu chabe. Mwinanso mutuwo unali poyambira pokha, ndipo nkhani yeniyeni inali kumbuyo kwake, kudikira kuti ndifunse. Sindikudziwa, ndipo kusadziwako kwanditopetsa kuposa mbaula. Ndauza makasitomala anga kuti Lamlungu likubwerali nditseka ikamakwana thwelofu, mapepala atuluke kaya asatuluke. Mayi wa golosale yoyandikana nane anandifunsa ngati kwagwa zovuta kumudzi. Dzulo ndinalambula udzu kuseri, ndipo tayala lija ndinalipeza likadalipo, lodzaza masamba a mango. Ndidzakhala pamenepo ndi foni m'manja, kopanda wogogoda kapu.

Ngati adzaimbire ine, sindikudziwa. Ngati adzatchulenso za mutu, sindikudziwanso. Lero ndi Lachisanu. M'mawa uno pokanda fulawa ndimayeseza mawu oti ndidzamuuze, monga ndinkachitira ndi Chibemba chija, koma ulendo uno m'chilankhulo chimene ndinabadwa nacho. Ndakanda mpaka manja kuwawa, ndipo ndapeza kuti nanenso sindidziwa kuti amayamba bwanji.